Laxton: mudzi wa ku England kumene anansi amalipitsanabe chindapusa cha malire a munda

Kumapeto kwa Novembala, ku England kukazizira ndipo dzuwa likamalowa cha m'ma 4 koloko, alimi 12 a m'mudzi wa Laxton pamodzi ndi mtsogoleri wawo amakwera ngolo yokokedwa ndi thirakitala, atanyamula zikhomo zamitengo ndi nyundo. Ulendo wake ndi wa kumunda waukulu umene wangofesedwa kumene tirigu. Mundawo ulibe mipanda m'kati mwake. Wangogawidwa m'ndime zazitali, iyi ya uje, yotsatira ya uje wina. Akafika amatsika n'kuyamba kuyenda m'malire. Pamene chikhomo chazuka amakhomapo china. Pamene pulawo ya wina yadya udzu wa njira ya anthu onse amalemba dzina, ndipo amene sanakonze ngalande yake nayenso amalembedwa. Nkhomaliro amakadyera ku Dovecote Inn, bala ya m'mudzimo, uku akukangana za chindapusa choyenera aliyense.

Pakatha sabata bwalo limakhala m'bala momwemo. Dzina lake ndi court leet. Pampando pamakhala loya woimira mwinimalo, mayina a alimi amaitanidwa mmodzimmodzi, amene sanabwere amalipiridwa kandalama kopepesera, ndipo olembedwa aja amapatsidwa mpata wodziteteza pamaso pa anzawo amene anawalemba. Si sewero lokopera alendo ayi. Mu 1977 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inalanda mabwalo akale otere mphamvu zoweruza milandu, koma lamulo lomwelo linatchula bwalo la Laxton ndi dzina kuti ilo lisakhudzidwe.

Laxton ali m'chigawo cha Nottinghamshire, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Nottingham, pafupi ndi timatawuni ta Tuxford ndi Ollerton. Ndi mudzi wa anthu mazana ochepa chabe, wokhala padothi ladongo lofiirira, lolemera kulima kukagwa mvula. Papepala la boma dera lake limatchedwa parishi ya Laxton and Moorhouse, poti kamudzi kakang'ono ka Moorhouse kali m'malire mwake. Mawu akuti parishi ndi amene amasokoneza. Mkatolika kapena Mwangilikani wa ku Zomba kapena ku Chipata akamva parishi amaganiza za tchalitchi, wansembe ndi nthambi zake. Ku England mawuwa amanyamula zinthu ziwiri: dera la mpingo, komanso kagawo kotsikitsitsa ka boma, kamene masiku ano kalibe chochita ndi mapemphero. Ndipo pansi pa ziwirizi pagona chinthu chachitatu, manor, dera la mwinimalo wakale. Midzi yambiri ya ku England chachitatuchi inachikwirira kalekale. Ku Laxton zonse zitatu zikupumabe, n'chifukwa chake mudziwu ndi malo abwino ophunzirirapo mmene ulamuliro wa kumudzi unasinthira m'dzikolo.

Mwinimalo ndi bwalo lake

William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, atagonjetsa England mu 1066, anagawira ankhondo ake malo a anthu amene anawagonjetsawo. Patatha zaka 20 anatumiza nthumwi kukalemba chuma chonse cha dzikolo kuti adziwe msonkho womuyenera, ndipo kaundula wake wa 1086 ndi amene amatchedwa Domesday Book. Laxton alimo. Kaundulayo akusonyeza kuti mudziwu kale unali wa munthu wina dzina lake Tochi, koma tsopano unali m'manja mwa Geoffrey Alselin. Anthu amene analembedwa anali pafupifupi 35, ambiri mwa iwo alimi omangika ku malo a bwanayo, ena ochepa akapolo enieni. Pa nthawiyo midzi inkasonkhanitsidwa m'magawo otchedwa wapentake, mawu ochokera kwa anthu a ku Scandinavia amene anakhazikika kuderali, ndipo Laxton anali mu wapentake ya Bassetlaw.

Kwa zaka pafupifupi 200 zotsatira, kamudzi aka kanali ndi dzina. Kumpoto kwa tchalitchi kudakali chulu chachikulu chochita kuunjika ndi manja, pamene panali linga la bwana. Eni ake, a banja la de Caux ndipo kenako a de Everingham, anali ndi udindo wosiyirana woyang'anira nkhalango ya mfumu ya Sherwood, choncho nkhani za m'nkhalangoyo zinkayendetsedwa kuchokera ku Laxton, ndipo mafumu, John mmodzi wa iwo, ankafikako. Banja lina la m'mudzimo, limene linkadzitcha de Lexington potengera dzina lakale la mudziwo, linatulutsa woweruza wa mfumu, bishopu wa ku Lincoln, ndi mkulu wa nyumba ya amonke ya Clairvaux ku France, onsewo pachibale. Ulemerero unatha mochititsa manyazi. M'zaka za m'ma 1280 Robert de Everingham analandidwa udindo wa nkhalango chifukwa cha mlandu wokhudza nyama za mfumu, zomwezo zimene anayenera kuziteteza. Kuyambira pamenepo Laxton anabwerera kukhala mudzi wa alimi basi.

Kwa mlimi wamba wa nthawi imeneyo, boma linali bwalo la bwana. Kumeneko n'kumene mwana ankalandirira munda wa malemu bambo ake atalipira kaye ndalama yolowera, n'kumene ankaweruzira wofulula mowa wosakoma kapena wochepetsa muyeso, ndipo n'kumene ankagwirizana za kalimidwe. Mfundo yomalizayi ndi imene inachititsa kuti bwaloli likhale lofunika ngakhale bwanayo atakhala kutali. Minda ya mudzi wonse inali m'zigawo zikuluzikulu zosatchinga, ndipo mlimi aliyense anali ndi ndime zake zomwazikana, ina padothi labwino, ina pachidikha, ina kumtunda. Chigawo chimodzi chinkafesedwa tirigu nyengo yozizira isanafike, chachiwiri mbewu ina monga barele kapena nyemba kukayamba kufunda, chachitatu chinkagonekedwa kuti ziweto za mudzi wonse zidyemo ndi kuthiramo ndowe. Chaka chotsatira zinkasinthana. Ulimi wotere sulola munthu kuchita zake zokha. Ukachedwa kukolola, ng'ombe za anzako zikudyera, ndipo ukalowetsa nkhosa zambiri kuposa gawo lako, wadyera anzako msipu. Panafunika malamulo, anthu oyendera, ndi chindapusa. Panalinso munthu wotchedwa pinder, wogwira ziweto zosochera n'kuzitsekera m'kakhola ka mudzi kufikira mwini wake atalipira. Kakholako kalipobe ku Laxton, ndipo udindowo amausankhabe pabwalo.

Mpingo utasenza katundu wa boma

Parishi inayamba ngati yankho la funso losavuta: chakhumi cha munda uwu chipite kwa wansembe uti? Pofika m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 dziko lonse la England linali litagawidwa m'maparishi, iliyonse ndi tchalitchi chake, manda ake ndi malire odziwika. Chakhumi sichinali chopereka mwaufulu. Mtolo wakhumi uliwonse wa tirigu ndi udzu, mwana wankhosa wakhumi, ngakhale mazira ndi mkaka, zinkatengedwa mwalamulo. Popeza mapu kunalibe, chaka ndi chaka anthu ankazungulira malire a parishi ali ndi wansembe ndi ana aamuna, kuti anawo adzakumbukire mtengo, mwala ndi mtsinje zimene zinali malire. Tchalitchi cha Laxton, cha St Michael, mbali zake zakale kwambiri ndi za kumapeto kwa zaka za m'ma 1100, ndipo m'kati mwake muli ziboliboli zogona za a de Everingham. N'chachikulu kuposa mudzi wake, chizindikiro cha masiku a linga aja.

Chimene chinasintha parishi kukhala nthambi ya boma ndi mafumu a banja la Tudor. Iwo analibe antchito a boma okwana kufika m'mudzi uliwonse, koma m'mudzi uliwonse munali tchalitchi, munthu wodziwa kulemba, ndi bokosi lokhoma. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba ubatizo, maukwati ndi maliro. Mu 1555 lamulo linapatsa parishi ntchito yokonza misewu: banja lililonse linkayenera kutumiza munthu kukagwira ntchito yosalipidwa masiku anayi pachaka, ndipo mu 1563 masikuwo anakhala 6. Aliyense amene anakhalapo pantchito yachitukuko yolambula msewu akhoza kulota mmene masiku amenewo ankayendera. Katundu wolemera koposa anabwera mu 1601, pamene lamulo la amphawi linati parishi iliyonse izisamalira osauka ake ndi msonkho wotoleredwa kwa eni nyumba ndi minda a m'parishi momwemo.

Zonsezi zinkayendetsedwa ndi msonkhano wotchedwa vestry, dzina lochokera ku kachipinda kamene wansembe amavaliramo mikanjo, poti n'kumene ankakumana. Msonkhanowo unkasankha akulu awiri osamalira tchalitchi, oyang'anira amphawi, woyang'anira misewu, ndipo m'malo ambiri wapolisi wa mudzi, udindo umene poyamba unali wa bwalo la bwana. Onsewa anali alimi wamba, osalipidwa, ogwira chaka chimodzi n'kusiyira mnzawo. Ena amatamanda dongosololi kuti anthu ankadzilamulira okha. Zoona zilimo, koma olamulirawo anali okhawo okhoma msonkho, ndipo mmphawi aliyense wowonjezereka ankatanthauza ndalama yotuluka m'thumba mwawo.

Apa m'pamene malire a parishi anasanduka chinthu choopsa. Lamulo la 1662 linati munthu aliyense ali ndi parishi imodzi yokha yoyenera kumuthandiza. Mlendo wooneka kuti angadzakhale mtolo ankatha kubwezedwa kwawo pasanathe masiku 40 atafika, pokhapokha ngati akubwereka malo a lendi ya mapaundi 10 pachaka, ndalama imene wantchito wamba sakanaikwanitsa. Kugwira ntchito chaka chathunthu kwa bwana mmodzi kunkapatsa munthu ufulu wokhala wa parishiyo, ndiye alimi ena anachenjera n'kumalemba anyamata ndi atsikana masabata 51 okha. Mtsikana woyembekezera wopanda mwamuna ankafunsidwa molumbira kuti atchule mwini mimba, ndipo nthawi zina ankamuthamangitsira kutsidya kwa malire asanachire, kuti mwanayo akabadwire m'parishi ya ena. Maparishi oyandikana ankawononga ndalama kwa maloya pokanirana nkhalamba imodzi. Mapepala a milandu yotereyi ndi amene lero akudzaza mosungira zakale m'zigawo za England, ndipo ofufuza za makolo awo amawakonda chifukwa ndi ena mwa ochepa amene analemba mbiri ya anthu osauka mwatsatanetsatane.

Mapu a 1635 ndi mipanda imene sinabwere

Manor ya Laxton inadutsa m'manja angapo kufikira mu 1625, pamene inagulidwa ndi Sir William Courten, wamalonda wolemera wa ku London, yemweyo amene zombo zake zinakatula atsamunda oyamba achingelezi pachilumba cha Barbados. Monga wamalonda anafuna kudziwa chimene wagula, ndipo mu 1635 woyeza malo dzina lake Mark Pierce anamujambulira mapu a mudzi wonse pamodzi ndi buku lotchula ndime iliyonse, kukula kwake ndi woilima. Ndimezo zinali zoposa 2,000. Pierce anakongoletsa mapuwo ndi tizithunzi ta anthu akulima, akufesa, akumweta udzu. Lero akusungidwa ku Bodleian Library ku Oxford, ndipo munthu atawatenga n'kuyenda nawo mumsewu waukulu wa Laxton sangasochere. Nyumba za mafamu zidakali zondondozana m'mphepete mwa msewu, iliyonse ndi kamunda kake kumbuyo. M'midzi ina alimi anasamuka kukamanga pakati pa minda yawo, koma munthu wa ndime zomwazikana alibe pakati pamene angamange.

Courten atamwalira, malowo anagulidwa mu 1640 ndi Robert Pierrepont, Earl of Kingston (Earl ndi dzina la ulemu la akuluakulu a ku England). Mbumba yake, imene pambuyo pake inatenga ulemu wa Earl Manvers ndipo inkakhala ku Thoresby, malo a banjali kufupi ndi Laxton, inasunga Laxton zaka zoposa 300.

M'zaka zimenezo nkhope ya dziko la England inasinthiratu. Makamaka pakati pa 1750 ndi 1850, mudzi ndi mudzi, eni malo akuluakulu ankapempha Nyumba ya Malamulo lamulo lapadera lolola kuphwanya minda yosatchinga ija. Kunkabwera akuluakulu oyeza, n'kusonkhanitsa ndime za munthu aliyense pamalo amodzi, kugawa dambo ndi msipu wa mudzi, ndipo aliyense ankayenera kutchinga gawo lake. Malamulo otere anapangidwa masauzande. Amene anali ndi malo ambiri anapindula, poti lendi inakwera. Wokhala ndi kanyumba ndi ng'ombe imodzi yodya pamsipu wa onse ndiye anagwa nayo: kagawo kamene analandira kanali kochepa, mtengo wa mpanda unali waukulu, ndipo ambiri anagulitsa n'kusanduka aganyu. Minda ikatchingidwa, bwalo la bwana linkasowa choweruza, ndipo linkafa lokha.

Nanga Laxton anapulumuka bwanji? Osati chifukwa cha nzeru za makolo kapena chikondi cha miyambo, ngakhale alendo amakonda kumva choncho. Mbali zina za parishiyo zinatchingidwa ndithu, pang'onopang'ono, ndipo chigawo chachinayi cha kum'mawa chinatha. Koma kuti zonse zitchingidwe panafunika kuti eni malo akuluakulu amvane, ndipo iwo sanamvane pa nthawi imene ntchitoyo inali ndi phindu. Pamene a Manvers anakhala ndi pafupifupi mudzi wonse, ndalama zawo zinali zikumira m'chinyumba chatsopano cha Thoresby Hall, chomangidwa m'zaka za m'ma 1860. Kenako, kuyambira m'ma 1870, tirigu wotchipa wochokera ku America anagwetsa mitengo, ndipo palibe amene akanathira ndalama m'mipanda padothi ladongo. Chimene anachita kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kuphatikiza tindime tating'ono kuti tikhale ndime zazikulupo. Lero zatsala zosakwana 200, m'zigawo zitatu: West Field, Mill Field ndi South Field. Kuchedwa ndi kusowa ndalama ndiko kunasunga chimene tsopano chikutchedwa chuma cha dziko. Ndime zosatchinga ziliponso ku Braunton m'chigawo cha Devon ndi ku Isle of Axholme, koma bwalo loweruza ndi kasinthasintha wokakamiza aliyense zatsala ku Laxton kokha.

Mmene parishi inavulidwira

Pamene minda ya Laxton inkapulumuka, parishi yake inkalandidwa ntchito imodzi ndi imodzi ngati maparishi ena onse. Chiyambi chake chinali amphawi. Nkhondo za Napoleon zitatha msonkho wa amphawi unali utakwera kwambiri, ndipo olemera anayamba kunena kuti thandizo likulimbikitsa ulesi. M'busa wina wa ku Southwell, John Thomas Becher, anamangitsa mu 1824 nyumba yaikulu ya amphawi yogwiritsidwa ntchito ndi maparishi ambiri pamodzi. Mfundo yake inali yakuti wofuna thandizo alowe m'nyumbamo, ndipo moyo wa m'menemo ukhale wowawa moti wolowamo akhale yekhayo amene wasoweratu pogwira. Mwamuna ankalekanitsidwa ndi mkazi wake, ana ndi makolo awo. Boma linaikonda nzeruyi, ndipo lamulo la 1834 linaifalitsa m'dziko lonse. Maparishi anamangidwa m'magulu, gulu lililonse ndi nyumba yake ndi komiti yake. Mu 1836 Laxton analowa m'gulu la Southwell. Kuyambira pamenepo nkhalamba ya ku Laxton yotheratu mphamvu sinkathandizidwanso ndi anansi oidziwa, amene anali ouma manja koma ankaidziwa dzina. Inkatengedwa ulendo wa makilomita oposa 10 kupita kunyumba ya njerwa ija. Nyumbayo ilipobe, ikusamalidwa ndi bungwe la National Trust, ndipo anthu amalipira kuti akaione.

Zina zinatsatira mofulumira. Mu 1836 chakhumi cha mitolo ndi ana a nkhosa chinasinthidwa kukhala ndalama. Mu 1837 boma linayamba kulemba lokha obadwa, okwatirana ndi omwalira. Apolisi olipidwa a chigawo analowa m'malo mwa wapolisi wa mudzi. Mu 1868 msonkho wokonzera tchalitchi unaleka kukhala wokakamiza, chifukwa Amethodisti ndi a mipingo ina anali atatopa kulipirira denga la tchalitchi chimene sankapempheramo. Ngakhale kumbali ya mpingo Laxton anasamutsidwa: kwa zaka mazana ambiri Nottinghamshire inali pansi pa dayosizi ya York, m'zaka za m'ma 1830 inapita ku dayosizi ya Lincoln, ndipo mu 1884 inalowa m'dayosizi yatsopano ya Southwell.

Chilekano chenicheni cha parishi ziwiri zija chinachitika mu 1894. Khonsolo ya chigawo chonse cha Nottinghamshire inali itayamba kale mu 1889. Tsopano lamulo latsopano linachotsa ku vestry ntchito zonse zosakhudza mpingo n'kuzipereka kwa khonsolo ya parishi yosankhidwa ndi anthu. Mudzi wa anthu 300 kapena kuposa unayenera kukhala ndi khonsolo, wocheperapo unkatha kungokhala ndi msonkhano wa anthu onse. Wansembe analeka kukhala wapampando mwachibadwa. Waganyu anapeza voti yofanana ndi ya mwini famu, ndipo amayi ena anayamba kuvota ndi kusankhidwa m'makhonsolowa zaka 24 asanaloledwe kuvotera aphungu. Eni malo ndi abusa ambiri anaopa kuti mudzi walandidwa. Manthawo anali opanda pake, chifukwa lamulo lomwelo linamanga makhonsolowa manja pa ndalama zimene angatolere, ndipo ntchito zenizeni, za madzi, ukhondo ndi misewu, zinapita ku khonsolo ina yapamwamba. Kwa Laxton imeneyo inali Southwell Rural District. Waganyu analandira mpando pa nthawi imene mpandowo unali utachotsedwa kale mphamvu.

Pa 1 Epulo 1974 makhonsolo akumidzi aja anathetsedwa, ndipo Laxton analowa m'boma latsopano la Newark, limene pambuyo pake linatchedwa Newark and Sherwood. Choncho munthu wa ku Laxton lero ali pansi pa makhonsolo atatu. Ya chigawo imayang'anira sukulu, misewu ndi chisamaliro cha okalamba. Ya boma imatola zinyalala, imavomereza mapulani a nyumba ndipo imatolera msonkho wa nyumba. Ya parishi imapemphako kagawo kakang'ono pamsonkho umenewo, ndipo ntchito za makhonsolo otere m'midzi ndi monga kusamalira mabenchi, tinjira tapansi ndi bwalo losewerera ana, komanso kupereka maganizo pa mapulani, maganizo amene khonsolo ya boma ikhoza kuwamva kapena kuwataya. Makhansala ake kawirikawiri salipidwa, ndipo m'midzi yambiri ya ku England zisankho zake sizichitika n'komwe poti ofuna mipando sakwana. Mu Disembala 2024 boma la ku London linalengeza kuti likufuna kuphatikiza makhonsolo a zigawo ndi a maboma kukhala amodzi, ndiye dzina la khonsolo yotola zinyalala ku Laxton likhoza kusinthanso.

Mwinimalo atakhala unduna

Chodabwitsa n'chakuti pa maulamuliro onsewa, umene uli ndi mano m'moyo wa mlimi wa ku Laxton ndi wakale kwambiri uja. Lamulo la 1922 linathetsa mtundu wakale wa umwini wa malo wodalira kaundula wa bwalo la bwana, ndipo mabwalo ochepa otsala anakhala a mwambo chabe. La Laxton linapitiriza kugwira ntchito chifukwa ntchitoyo inalipo: malire opanda mpanda amafuna maso.

Pofika m'zaka za m'ma 1930 akatswiri a zaulimi ndi a mbiri yakale anali atazindikira kuti mudziwu ndi wotsala wokha, ndipo ophunzira anayamba kubwera kudzaona. Nkhondo yachiwiri itatha, Earl Manvers wachisanu ndi chimodzi, amene analibe mwana wamwamuna wodzalowa m'malo mwake, anagulitsa Laxton mu 1952 ku unduna wa zaulimi kuti dongosololo lisafe. Motero kwa zaka pafupifupi 30 nduna ya boma ndiyo inali bwana wa manor, unduna womwewo umene kwina konse unkalimbikitsa alimi kuzula mipanda ndi kukulitsa minda kuti makina akuluakulu azidutsa. Boma la Margaret Thatcher litayamba kugulitsa katundu wa boma, Laxton anaikidwa pamsika. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo mu 1981 anagulidwa ndi Crown Estate, bungwe loyang'anira malo a ufumu, litalonjeza kusunga minda yosatchinga. Mu 2020 bungwelo nalo linagulitsa, ndipo wogula anali eni malo a Thoresby, komwe kuja mudziwo unachoka mu 1952.

Vuto limene mwinimalo aliyense amalipeza ndi limodzi. Mafamu a ku Laxton ndi osakwana 20 ndipo ndi aang'ono poyerekeza ndi ulimi wa ku England wa masiku ano. Mlimi aliyense ali ndi ndime m'zigawo zitatu zija kuwonjezera pa minda ina yotchingidwa, koma zonse pamodzi sizikwana kudyetsa banja, moti ambiri ali ndi ntchito ina yapambali. Makina amakono okololera ndi aakulu kuposa ndime zina. Sungasankhe mbewu mmene ukufunira, chifukwa chigawo chonse chimatsata kasinthasintha mmodzi, ngakhale kuti chigawo chogonekedwa masiku ano amaloledwa kudzalamo udzu wa ziweto m'malo mochisiya chabe. Nyumba zakale za njerwa zimafuna kukonzedwa, ndipo lendi yake siyingakwere kwambiri popanda kuthamangitsa alimiwo. Mlimi akapuma, pamafunika wina wolola kukhala m'mudzimo, kulima tindime, ndi kulumbira pabwalo kuti adzalemba mnansi wake mosakondera. Mafamu akangophatikizidwa kukhala atatu kapena anayi, anthu 12 okwera ngolo ija sangapezeke.

Pakati pa ndimezo pamadutsa timadambo taudzu totchedwa sykes, tonyowa kwambiri moti sitinalimidwepo, timene timagwira ntchito ngati njira ndi ngalande. Ndi malire a timadambo timeneti amene zikhomo zambiri zimateteza. Popeza simuthiridwa feteleza kapena mankhwala, mumamera maluwa ndi mitundu ya udzu imene inatha m'minda ina, ndipo boma linaika ena mwa malowa pamndandanda wa malo otetezedwa chifukwa cha zachilengedwe. Udzu wake amaugulitsa pa okushoni chaka chilichonse m'nyengo yotentha, alimi a m'mudzimo akupikisana mitengo, ndipo wopambana amaumweta n'kuuyanika kuti ziweto zake zidzadye kukazizira.